Damu la ku Pitlochry, komwe amawerenga nsomba osazigwira

Anzanga okhala ku Scotland kuno, mukafuna kokayenda kosalipira pakhomo, kwerani sitima yopita ku Inverness mukatsike pa Pitlochry. Kuchokera pa siteshoni n'pafupi, mumangoyenda wapansi mpaka pa damu la magetsi la pa mtsinje wa Tummel, lomwe linamangidwa pakati pa 1947 ndi 1951.

Damuli linatseka njira ya nsomba za salmon zomwe zimachoka m'nyanja yamchere n'kukwera mtsinje kukaikira mazira. Lamulo la 1943 linkafuna kuti omanga madamu a magetsi asawononge nsomba, ndiye anazimangira njira yawoyawo m'mbali mwa damu: maiwe 34 ondondozana pa mtunda wa mamita 310, dziwe lililonse lokwererapo theka la mita. Atatu ndi aakulu, oti nsomba zipumiremo. Musapite ndi mtima wokaona zikudumpha, chifukwa zimadzera m'mapaipi a pansi pa madzi, ndipo madzi ake ndi oderako.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kawerengedwe kake. Nsomba ilibe kwina kodzera, choncho panjira pomwepo anaikapo makina. Thupi la nsomba limadutsitsa magetsi kuposa madzi a mumtsinje, ndiye ikamadutsa makinawo amaizindikira, n'kudziwanso ngati ikukwera kapena ikutsika. Palibe ukonde, palibe woigwira. Chaka chikatha amadziwa kuti zabwerera zingati, ndipo zikayamba kuchepa zimaonekeratu m'mabuku msanga.

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, komwe mpasa zimachoka m'nyanja kukwera Bua kukaswana. Biyo timalidziwa bwino: kutchinga mtsinje n'kutchera mono pampata. Nzeru yake ndi yomweyi, kungoti ife pampatapo timagwira nsomba yodzaza mazira, pamene iwo amaiwerenga n'kuisiya ipite. Mpasa zikutha, ndipo ndimalakalaka titadziwa kuti chaka chino zakwera zingati.

M'nyumba ya zionetsero ya pa damupo, yomwe inatsegulidwa mu 2017, amafotokoza zonsezi momveka ngakhale kwa mwana, pamodzi ndi mbiri ya anthu omwe anakumba mapiri kuti magetsi afike kumidzi. Muli malo omwera tiyi, mawindo ake aakulu oyang'ana damu. Pitani pakati pa Epulo ndi Okutobala pomwe nsomba zimakwera, ndipo tengani jekete, pamwamba pa damu pamawomba mphepo yozizira.