Ndemanga ya kampani ya maejenti imene inandipezera nyumba ya lendi ku Nottingham

Ndemanga iyi ndi ya kampani yaing'ono ya maejenti a nyumba mumzinda wa Nottingham ku England, imene inandipezera nyumba ya zipinda ziwiri zogona m'dera la Sneinton, ndipo inapitiriza kuiyang'anira m'malo mwa mwini wake kuyambira mu 2023 mpaka pamene ndinasamuka mu 2025. Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Pa nkhani ya ndalama ndi zikalata sindinaipeze ndi chifukwa chachikulu, koma pa nkhani yokonza zowonongeka inandionetsa poyera kuti bwana wake ndi mwini nyumba amene amailipira, osati ine wokhalamo.

Nyumbayi ndinaiona pa Rightmove, pamene maejenti ambiri a dziko lino amalengezapo nyumba zawo, monganso amachitira pa Zoopla. Lendi yake inali £850 pa mwezi, yopanda mipando, kupatula chitofu ndi filiji. Ndinaimba foni, anandipatsa tsiku, ndipo mayi amene anabwera kudzandionetsa nyumba sanandilipiritse ngakhale kakobidi. Kwa munthu amene anazolowera maejenti a ku Lilongwe, amene amafuna ya mayendedwe asanakuloze n'komwe kumene kuli nyumba, zimenezi zimaoneka ngati chifundo, koma si chifundo ayi. Lamulo la Tenant Fees Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2019, linaletsa maejenti ndi eni nyumba ku England kulipiritsa munthu chifukwa choona nyumba, cholemberana mgwirizano kapena chofufuza mbiri yake. Chimene ndingawayamikire n'chakuti analitsata lamuloli popanda kulizemba, ndipo papepala limene anandipatsa analemba ndalama iliyonse imene ndidzapereke pamodzi ndi chifukwa chake.

Nditanena kuti nyumbayo ndaikonda, anandiuza kuti ndipereke £196, imene ndi lendi ya sabata imodzi, kuti asiye kuionetsa kwa anthu ena pamene akundifufuza. Malire a ndalama yogwirira nyumba ndi omwewo, ndipo lamulo limapereka masiku 15 oti mbali ziwirizi zimalize zokambirana, pokhapokha zitagwirizana molemba za tsiku lina. Anandichenjeza mosabisa kuti ndikanena bodza pa za malipiro anga, kapena ndikasintha maganizo, ndalamayo sidzabwerera. Pambuyo pake anaichotsera pa lendi ya mwezi woyamba monga analonjezera.

Gawo limene linali lolemera, ndiponso limene ndikufuna kuti obwera kumene alimvetse, ndi la kafukufuku. Choyamba anafuna umboni wakuti ndili ndi ufulu wochita lendi m'dzikoli, umene amautchula kuti Right to Rent, ndipo eni nyumba onse ku England akhala akukakamizidwa kuufufuza kuyambira mu Febuluwale 2016. Izi sizinavute, chifukwa munthu wokhala ndi viza amatenga nambala yotchedwa share code pa webusaiti ya boma n'kuipereka kwa ejenti, ndipo iye amaona yekha tsiku limene chilolezo chidzathe. Chachiwiri ndicho chinali phiri. Kampani imene anaituma kundifufuza inkafuna kuti malipiro anga a pa chaka akhale osachepera lendi ya mwezi kuchulukitsa ka 30, kutanthauza £25,500, komanso inkafuna mbiri ya ngongole ya m'dziko lino. Malipiro a ntchito yanga yosamalira okalamba, kuphatikiza maola owonjezera, ankafika pamenepo movutikira, koma mbiri ya ngongole ndinalibe, chifukwa munthu wongofika kumene, ngakhale akhale kuti kwawo sanadyepo ndalama ya munthu, makompyuta awo samudziwa. Yankho linabwera lakuti ndipeze guarantor, munthu wokhala mu UK wolandira ndalama zofika lendi ya mwezi kuchulukitsa ka 36, amene angasaine kuti ndikalephera kulipira adzalipira ndi iye, apo ayi ndilipiriretu lendi ya miyezi 6.

Pamenepa ndi pamene ndinaona ubwino wa kampani yaing'ono. Bambo amene ankayendetsa nkhani yanga sanangonditumizira uthenga wokana, koma anandiitana ku ofesi, anandifunsa zikalata zimene ndili nazo, ndipo anatenga kalata ya abwana anga, masilipi a malipiro ndi masitetimenti a ku banki n'kukakambirana ndi mwini nyumba. Mapeto ake anavomera kuti ndilipiriretu miyezi itatu yokha popanda guarantor. Inali ndalama yambiri ndithu kwa munthu amene akutumizanso kangachepe kumudzi, koma kupempha mnzako wa kutchalitchi kuti asenze ngongole yako pa dzina lake n'kovuta koposa, ndipo ubale wa anthu ambiri kuno wasokonekera pa nkhani yomweyi. Owerenga adziwe kuti njira yolipiriratu miyezi yambiri yatsekedwa ndi lamulo la Renters' Rights Act, limene linavomerezedwa mu Okutobala 2025 ndipo likuika malire a mwezi umodzi, choncho obwera tsopano ayembekezere kuti funso la guarantor lidzakhala lamphamvu kuposa mmene linalili kwa ine.

Dipoziti inali £980, imene ndi lendi ya masabata asanu, malire a lamulo pa nyumba imene lendi yake ya pa chaka sifika £50,000. Ndalama imeneyi siyenera kungokhala m'thumba la mwini nyumba. Iyenera kutetezedwa pasanathe masiku 30 ku limodzi mwa mabungwe atatu ovomerezedwa ndi boma, omwe ndi Deposit Protection Service, MyDeposits ndi Tenancy Deposit Scheme, ndipo chikalata chotsimikizira zimenezi chinandifika nthawi yake isanakwane. Tsiku lotenga makiyi anandipatsanso satifiketi ya chitetezo cha gasi, imene imafunika chaka chilichonse, lipoti la mawaya a magetsi, limene limafunika zaka zisanu zilizonse, satifiketi ya EPC yosonyeza mmene nyumba imasungira kutentha, kabuku ka boma ka How to Rent, ndi umboni wakuti nyumbayo ili ndi laisensi ya khonsolo, popeza Nottingham inayamba kufuna malaisensi pa nyumba za lendi m'madera ambiri a mzindawu mu 2018. Chofunika koposa zonsezi chinali chikalata chimene amachitcha inventory, cholongosola mmene chipinda chilichonse chilili, chokhala ndi zithunzi za makoma, kapeti, mawindo ndi manambala a pa mita. Anandilola kuwonjezerapo zimene ndinaona ndekha, monga banga la pa kapeti ya pa masitepe ndi chitseko cha kabati chimene chinali chogwedera, ndipo anasaina pa zowonjezerazo popanda kutsutsa.

Chimodzi chimene sanandifotokozere mokwanira ndi ndalama zina zimene zimabwera pamwamba pa lendi. Msonkho wa khonsolo amalipira ndi wokhala m'nyumba, ndipo wa ku Nottingham uli m'gulu la yokwera kwambiri ku England, ngakhale pa nyumba ya gulu A ngati imeneyi, limene ndi gulu lotsikitsitsa. Kuti munthu wamkulu wokhala yekha amachotseredwa 25 peresenti ndinakamva kwa anzanga a kuntchito. Ejenti wodziwa kuti kasitomala wake ndi mlendo akanatha kunena zimenezi m'mawu awiri okha.

Tsopano ndifike pa chimene chachotsa nyenyezi ziwiri. Nyumba za ku Sneinton zambiri ndi zakale, za njerwa zofiira, zomangidwa mondandana khoma limodzi ndi ya mnzako, ndipo makoma ake alibe mpata wa pakati wotchinga kuzizira. Nyengo yozizira itafika, pakona ya chipinda chakumbuyo panayamba kuda ndi nkhungu, ndipo pepala la pa khoma linayamba kumatuka. Ndinalemba pa tsamba lawo lodandaulirapo, ndinaikapo zithunzi, koma yankho limene linabwera linali kapepala kondilangiza kutsegula mawindo ndi kusayanika zovala m'nyumba. Malangizowo si olakwika, chifukwa nthunzi ya m'nyumba imabweretsadi nkhungu, koma kuwatumiza munthu asanabwere kudzaona n'kuweruza mlandu usanaumve. Nditalimbikira, anatumiza mmisiri amene anapeza kuti ngalande ya madzi a padenga inali yothyoka, moti mvula ikagwa madzi ankatsetsereka pakhoma lomwelo. Ngakhale vuto linadziwika, ntchito inadikira kuti mwini nyumba avomereze mtengo, kenako kuti apeze mmisiri wina wotsika mtengo, ndipo nyengo yozizira inapita ndithu chipindacho chisanaume.

Boila, makina otenthetsa nyumba ndi madzi, itafa mu Januwale anachita changu pang'ono, ndipo anandibwereka hita ya magetsi podikira chipangizo chatsopano, koma bilu ya magetsi a hitayo inali yanga. Lamulo la Landlord and Tenant Act la 1985 limanena momveka kuti denga, ngalande, zotenthetsera nyumba ndi madzi otentha ndi udindo wa mwini nyumba. Ndinaona kuti ndikalemba imelo yotchula lamuloli, ndiponso yotchula kuti kampani yawo ili pansi pa The Property Ombudsman, kumene kasitomala angakasume, yankho linkabwera msanga kuposa pamene ndaimba foni mwaulemu. Sindikuona kuti kasitomala wolipira lendi pa tsiku lake ayenera kuchita kuloweza malamulo kuti amveke. Chodabwitsa n'chakuti pa maulendo awo odzayendera nyumba sankachedwa konse: ankalemberatu kalata kutatsala maola oposa 24 monga mwa lamulo, ankafika pa ola lenileni, n'kujambula zithunzi za khoma lomwelo lakudalo.

Potuluka, anayerekeza nyumbayo ndi inventory ya poyamba n'kunena kuti adule £140 pa dipoziti, ina ya banga la pa kapeti, ina yopentera khoma la chipinda chakumbuyo. Ndinawatumizira tsamba limene iwo eni anasaina losonyeza kuti bangalo ndinalipeza, pamodzi ndi lipoti la mmisiri wawo lonena za ngalande. Anabweza mawu tsiku lomwelo, mwina podziwa kuti nkhani ikapita kwa woweruza wa bungwe losunga dipoziti, amene salipiritsa, zikalatazo zikanawatsutsa. Tinagwirizana kuti adule £25 ya galasi la nyale limene linasweka ndili momwemo, ndipo yotsalayo inalowa mu akaunti yanga masiku 10 a lamulo asanathe.

Kwa munthu wofika kumene wopanda mbiri ya ngongole, kampaniyi ndingailimbikitse kuposa zipinda zimene anthu amabwereketsana m'magulu a WhatsApp popanda mgwirizano wolembedwa, kumene dipoziti imapita m'manja mwa munthu amene nayenso ndi walendi. Amene angapite kwa maejenti amenewa afunse asanasaine kuti ndi ndalama zingati zimene kampani ili ndi mphamvu yogwiritsa ntchito pokonza zinthu popanda kudikira mwini nyumba, akaone nyumbayo kunja ndi kumbuyo komwe, makamaka ngalande za padenga, ndipo dandaulo lililonse alipereke pa imelo. Nyumba imene ndikukhalamo tsopano ku Sherwood, dera lina la mzinda womwewu, ndinaipeza kudzera kwa maejenti ena, ndipo kalata yondichitira umboni imene kampani yoyambayi inalemba msanga, yotsimikiza kuti sindinaphonyepo lendi, ndi imene inachititsa kuti asandifunse guarantor.