Makava a mipando ya patebulo: ogula, a kwa amisiri, kapena osoka wekha

Amayi anzanga a ku Mufakose ndi ku Highfield kuno ku Harare, mwandifunsa kambirimbiri pa WhatsApp ngati ndinagula mipando yatsopano ya patebulo lodyera. Ayi ndithu, ndi yomwe ija inang'ambika m'makona, ndinangoisokera makava. Poti ena mukuganiza zokagula okonzeratu, ena zopita kwa amisiri, imvani kaye zomwe ndinaona ine.

Makava otanuka aja a m'mashopu a m'tauni, amene amati amakwana pampando uliwonse, ndimawakwiyirabe mpaka lero. Tsiku lowaveka amaoneka bwino, sindikana. Koma nsalu yake ndi polyester yopyapyala, ndipo chimene chimaigwira kunsi ndi lasitiki basi. Mwana akangotembenuka kuti atunge msuzi, kava yasendera kutsogolo, kona yong'ambika ija yatulukira pamaso pa alendo. Mipando yanga ili ndi msana wautali, ndiye nsaluyo inkakokeka mpaka kuonetsa zigamba zonse zimene ndinkafuna kubisa.

Pochapa mpamene mtima unandiwawa kwambiri. Mafuta a ndiwo amakakamira pa polyester kuposa pansalu ya thonje, moti dontho la msuzi wa nkhuku linakana sopo aliyense. Lasitiki anayamba kufooka, pokhalira panatuluka timibulu. Kusita ndi simbi yotentha sikutheka, nsaluyo imasungunuka. Imodzi itabooka pakona ndinayesa kuisoka, koma bowo limangothamanga kutsata ulusi. Ndinabwerera kwa wogulitsa, iye n'kungondilozera kapepala kapakhoma konena kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Ndalama imeneyo ikanandigulira nsalu yolimba yokwanira mipando yonse.

Amisiri okuta mipando, ngati aja ochuluka ku Glen View Area 8, ntchito yawo ndimailemekeza. Amachotsa nsalu yakale, kuika siponji yatsopano, n'kukhomera nsalu kunsi ndi ma staple. Ngati siponji yanu yayamba kufumbutuka, kapena thabwa la pansi lathyoka, pitani kwa iwo, chifukwa kava ingobisa vutolo koma mukakhala mudzamvabe thabwa. Musanasiye mipando funsani bwino: kodi mtengowo waphatikiza siponji? Nanga galimoto yonyamula alipira ndani? Ndipo ndi madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe? Chondibweza ine n'chakuti nsalu yokhomera siichoka, ndiye m'nyumba ya ana muzingopukuta, osachapa.

Ine ndili kumbali ya kusoka wekha, ndipo apa nkhani yonse ili pansalu. Chitenje n'chokongola, koma pokhalira chimapyapyala msanga. Ndimachigwiritsa kumsana kwa mpando kokha, kapena ndimachisokera nsalu ina kunsi kuti chilimbe. Pokhalira penipeni pamafuna canvas, denim, kapena makatani okhuthala a kaunjika amene mungawapeze kumsika wa Mupedzanhamo ku Mbare. Katani muikwezere kudzuwa musanalipire. Ngati mbali ina yasuluka kapena ikuonetsa kuwala kwambiri, dzuwa linaidya kale, ing'ambika pamsoko.

Nsalu ya thonje ichapeni ndi kuisita musanaike sizasi. Thonje limabwerera likalowa m'madzi koyamba, ndipo kava yodulidwa pansalu yosachapa idzakana kulowa pampando tsiku lomwe mwaichapa. Chitenje chinyikeni pachokha, china chimachucha utoto.

Patani sifunika kugula. Yalani nyuzipepala pampando, tsatani m'mphepete ndi choko kapena pensulo, dulani, kenako onjezani masentimita 2 mbali zonse a msoko. Mipando yambiri ndi yotambalala kutsogolo, yopapatiza kumbuyo, choncho musangodula sikweya. Sokani kava imodzi kaye, muiveke, mukhalepo, ikakwana ndiye mudule zinazo. Kunsi musaike lasitiki. Sokani zingwe za nsalu yomweyo zomangira kumiyendo inayi, ndipo pamene chingwe chalumikizana ndi kava pitanipo ndi makina kangapo, chifukwa mpamene pamayamba kuthothoka. Pa denim ndi canvas ikani singano ya nambala 16. Yaing'ono imathyoka pamakona pomwe nsalu zasanjikizana. Makina anga ndi a Singer opukusa ndi dzanja, amene amayi anandisiyira, ndipo magetsi akazima ntchito siima.

Kusoka kumadya nthawi, makamaka makona, ndipo wopanda makina adzalipirabe telala. Ngakhale zili choncho, mukagula nsalu nokha n'kumupatsa telala patani yanu, mupeza kava yovula Loweruka, kuchapa, n'kuvekanso Lamulungu alendo asanafike. Achemwali a ku Dzivarasekwa amene munati mulibe makina, bwerani ndi mpando umodzi ndi nsalu yochapa kale, tidzadulire limodzi patani.