Gothic II, Arcanum ndi Tyranny: iti ikuyenera laputopu yakale ya mu Lusaka?

Mukatchula magemu a RPG (omwe umasewera ngati munthu wa m'nkhani n'kumasankha zochita zake) pakati pa anyamata a ku Chilenje kapena ku Matero, mayina otuluka msanga ndi Skyrim ndi The Witcher 3, ndipo nkhani imafera pomwepo chifukwa ambiri mwa omvetserawo alibe kompyuta yoti inyamule Witcher. Ambirife tili ndi malaputopu ogulidwa akalekale m'mashopu a m'tauni, opanda graphics card, batire yake yosachedwa kufa malaiti akapita. Pa makina otere pali magemu atatu omwe kuno satchulidwa kawirikawiri: Arcanum ya 2001, Gothic II ya 2002 ndi Tyranny ya 2016. Ndawaika pamodzi chifukwa onse amalonjeza chinthu chimodzi, kuti anthu a m'gemumo adzakutenga malinga ndi chomwe uli komanso zomwe wachita. Lonjezolo aliyense amalisunga mwa njira yake, ndipo si onse amalisunga mpaka kumapeto.

Gothic II inapangidwa ndi Piranha Bytes ya ku Germany. Umadzuka m'nsanja ya mfiti Xardas ulibe dzina, ulibe mphamvu, ndipo wapatsidwa uthenga woti ukafikitse kwa Lord Hagen mu mzinda wa Khorinis. Ukafika pachipata alonda amakubweza. Kuti ulowe, mwina ukagwire ganyu yozula mbewu pa famu ya Lobart kuti upeze zovala za mlimi, mwina ulandire chikalata kwa wamalonda wina dzina lake Canthar, amene pambuyo pake adzakuuza kuti umubwezere ndi ntchito yauve. Ukalowa umapeza kuti Hagen amakhala kumtunda kwa mzinda, kumene munthu wamba saponda. Njira imodzi ndi kukhala wophunzira ntchito kwa mmisiri: Harad wosula zitsulo, Bosper wopanga mauta, kapena Constantino wa mankhwala. Koma mmisiri sakutenga mpaka anzake atavomereza, ndipo aliyense ali ndi kake komwe akufuna. Matteo, mwachitsanzo, amati ukamutolerere ngongole kwa mayi wina wotchedwa Gritta. Maola oyambawa ali ngati kutsika basi pa Intercity uchokera ku Chipata, wachibale ulibe, nambala ya foni ya munthu ulibe, ndipo aliyense wokuthandiza akuwerengera zake.

Arcanum ndi ya Troika Games, kampani ya Tim Cain, Leonard Boyarsky ndi Jason Anderson, anthu omwe anagwira ntchito pa gemu ya Fallout yoyamba. Iyo siyamba ndi kukunyoza. Chombo chamlengalenga chotchedwa Zephyr chagwetsedwa, iwe wekha wapulumuka, ndipo mnyamata wina Virgil akukulambira kuti ndiwe mpulumutsi wobadwanso. Koma yemwe uli umamusankha usanayambe, ndipo gemu siiwala. Ukasankha kukhala half-orc (theka munthu, theka chimunthu choopsa chotchedwa orc), ogulitsa ndi olemera a mu mzinda wa Tarant amakulankhula mopeputsa, chifukwa mtundu wa ma orc ndi womwe umatuluka thukuta m'mafakitale awo. Ukapanga munthu wa nzeru zochepa kwambiri, mayankho ako onse amasintha kukhala a chitsiru, ndipo anthu ena amakumvera chisoni, ena amakubera. Ukazama m'matsenga, makina amayamba kukukana: mfuti siikumvera bwino, ndipo a sitima ya pamtunda amakuika ku bogi yakumbuyo kapena kukukaniza kukwera, poopa kuti injini iwonongeka. Nyuzi ya ku Tarant imalembanso zina mwa zomwe wachita. Pa nkhani ya kuchuluka kwa njira, Arcanum imaposa anzake awiriwa kutalitali.

Tyranny ya Obsidian Entertainment imatembenuza zonse. Nkhondo ya chabwino ndi choipa inatha kale, ndipo wopambana ndi Kyros, wolamulira wankhanza. Iwe ndiwe Fatebinder, woweruza wotumidwa ndi Tunon, mkulu wa malamulo a Kyros. Usanaponde pansi, gemu imakuyalira mapu kuti usankhe zomwe unachita pa zaka zitatu zolanda dera la Tiers: mudzi uti unauwotcha, gulu liti la asilikali unaliimira kumbuyo. Ukafika m'malo amenewo anthu amakukumbukira, ena amagwada, ena amalavula. Ntchito yako yoyamba ndi kukawerenga lamulo la Kyros pa chigwa cha Vendrien's Well, lonena kuti magulu awiri a asilikali ake omwe akukangana, a Disfavored ndi a Scarlet Chorus, akalephera kugonjetsa oukira pofika tsiku loikika, aliyense m'chigwamo afa, iwenso pamodzi. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo gemuyi siikupatsa mpata wodzinamiza kuti ndiwe woyera. Chomwe ndimachikonda n'chakuti anzako oyenda nawo, monga Verse kapena Barik amene anatsekeredwa m'zovala zake zachitsulo, amakupatsa luso lapadera kaya akukukonda kaya akukuopa. Mantha nawo ndi chuma.

Tsono funso ndi lakuti, ulemu womwe dziko likukupatsa umaumva kuti?

Mu Tyranny ndi mu Arcanum umauwerenga. Mu Gothic II umauona ndi maso. Ukalowa m'nyumba ya munthu osapempha, mwini wake amakutsata nakuuza kuti utuluke, ukachedwa amasolola lupanga. Ukasolola lako pakati pa msika, onse oyandikira amakuchenjeza. Ukamenyana ndi munthu wa mumzinda iwe n'kugonja, sakupha: amakugwetsa, nakutola ndalama m'thumba, n'kubwerera ku ntchito yake. Usiku anthu amakagona, m'mawa wosula amayatsa moto wake. Ndipo ukalowa gulu, kaya la asilikali a mfumu, kaya la aganyu ankhondo a pa famu ya Onar, kaya la ansembe a moto (awa amafuna ndalama zagolide 1000 ndi nkhosa imodzi, nkhosa yeniyeni yoyenda nayo mpaka pachipata), zovala zako zimasintha ndipo mlonda uja anakubweza amayamba kukuyankha mwaulemu. Palibe nambala pa sikirini yokuuza kuti anthu akukulemekeza. Umangomva m'mawu awo.

Zilombo nazo sizikula pamodzi ndi iwe monga mu Skyrim. Chomwe chili m'nkhalango yakuda chili momwemo kuyambira tsiku loyamba, ndipo chikakupeza msanga chimakumaliza ndi kuluma kuwiri. Kubwerera pamalo omwewo patapita nthawi n'kuchigwetsa ndi kumene kuli kukoma kwa Gothic. Ukakwera levo umapatsidwa mapointi 10 ophunzirira, koma sungawagwiritse ntchito uli pamenyu. Uyenera kupeza mphunzitsi, akhale wokonzeka kukuphunzitsa, nthawi zina umulipire. Ukaphunzira lupanga, ngakhale kagwiridwe ka munthu wako kamasintha.

Pa ndewu palibe gemu mwa atatuwa yoti munthu aiyimbire nthungululu. Ya Gothic II imafuna kudziwa nthawi yomenya ndi yobwerera m'mbuyo, ndipo mabatani ake ndi achilendo moti ambiri amaisiya ola loyamba lisanathe. Amene wapirira amapeza kuti ndi yachilungamo: ukafa umadziwa chomwe walakwitsa. Ya Tyranny ndi yosalala kwambiri pa zitatuzi. Uli ndi anthu anayi, umaimitsa nthawi n'kupereka malamulo, ndipo kapangidwe ka matsenga, kolumikiza zizindikiro kuti upange ako, n'kokoma. Vuto ndi lakuti adani ndi omwewomwewo, asilikali lero asilikali mawa, mpaka umayamba kulakalaka ndewu ithe kuti ukayankhule ndi munthu.

Ya Arcanum ndiyo yodwala. Umasankha kumenya mosinthana kapena mothamanga, koma yothamangayo imathamanga mopitirira ndipo yosinthanayo siyolinganizidwa bwino. Gemu ili ndi masukulu 16 a matsenga ndi nthambi 8 za luso la makina, koma wamatsenga wokhala ndi kamatsenga kamodzi koyambirira kotchedwa Harm amadutsa pomwe wamfuti akulira ndi zipolopolo. Kumigodi ya Black Mountain Clan kuli zimphona zamiyala zomwe zimaphwanya lupanga lako pamene ukuzimenya, ndipo anthu ambiri amataya mtima pamenepo. Zimandiwawa chifukwa njira ya makina ndiyo yosangalatsa: kutola zotayidwa m'mabini a mumzinda, kuphunzira mapulani, n'kupanga bomba kapena mfuti ndi manja ako. Mukafika ku Ashbury pulumutsani galu yemwe akumenyedwa kumeneko. Amaluma kuposa anzanu ambiri onyamula zida.

Pali nkhani ina yomwe olemba za magemu akunja saiganizira: Chingerezi. Tyranny ndi buku. Ndime zake ndi zazitali, zodzaza ndi mayina a malamulo ndi maudindo, ngakhale kuti anaika chithandizo chabwino choti ukaloza mausi pa liwu lowala limakufotokozera. Arcanum imalankhula Chingerezi cha makedzana, cha mabwana a zipewa zazitali, ndipo mawu ambiri ndi olembedwa chabe, timalemba tating'ono. Gothic II ndiyo yopepuka: zonse zimalankhulidwa mokweza, ziganizo ndi zazifupi, anthu ake amayankhula mokhadzula ngati anthu otopa ndi ntchito. Ngati mukufuna gemu yoti mng'ono wanu wa Giredi 9 aitsate osafunsa tanthauzo mphindi iliyonse, ndi imeneyi, bola mudziwe kuti ili ndi mowa, fodya ndi mawu ena osayenera ana aang'ono.

Za bandulo ndi malaiti. Arcanum siifika magigabaiti 2, ndipo imayenda pa chilichonse chomwe chimayaka. Gothic II ndi yokulirapo koma laputopu ya RAM ya 4 GB imainyamula popanda kudandaula. Tyranny imapempha RAM ya 6 GB ndi malo a 15 GB, ndipo pa hard disk yakale umadikira ndithu pochoka dera lina kupita lina. Onse atatu ali pa Steam ndi pa GOG, masitolo a pa intaneti ogulitsa magemu. Kwa ife GOG ili ndi ubwino umodzi waukulu: ukagula umatsitsa fayilo yoikira gemu, n'kuisunga pa fulashi, ndipo siifunanso intaneti. Mutha kuitsitsa pamalo pomwe pali Wi-Fi n'kukaiika kunyumba. Dikirani nthawi ya sale, magemu akalewa amatsika mtengo kwambiri.

Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, tonse tinaphunzira kusewera ndi diso limodzi pa batire, ndipo apa Gothic II ili ndi msampha: siiseva yokha. Ukaiwala, laputopu n'kuzima, zonse zapita. Tyranny imaseva yokha ukamasintha malo, komanso ndi yaifupi, ya maola ongopitirira pang'ono 20 kwa ambiri, choncho imakwana bwino m'moyo wa munthu wogwira ntchito amene malaiti amamupeza usiku. Awiri akalewo amafunanso ma patch (timafayilo tokonza zolakwika za gemu) opangidwa ndi osewera anzathu kuti ayende bwino pa Windows yatsopano: Arcanum ili ndi Unofficial Arcanum Patch, Gothic II ili ndi Union. Osayamba musanaike zimenezi.

Kufupika kwa Tyranny kuli ndi mtengo wake. Gawo loyamba ndi lamphamvu kwambiri, lachiwiri limagawika njira zingapo malinga ndi gulu lomwe watsata, koma lachitatu limatha mwadzidzidzi, pomwe iwe ukuona ngati nkhani yeniyeni ikuyamba kumene. Gemu yachiwiri yopitiriza nkhaniyi sinatuluke. Arcanum imatopetsa pakati, m'mapanga odzaza adani, koma kumapeto imadzuka: mdani womaliza utha kumugonjetsa ndi mawu okha ngati munthu wako ndi wodziwa kulankhula. Gothic II nayo imachepa mphamvu m'magawo omaliza, pamene nkhani za mumzinda zatha ndipo chatsala ndi kupha ma orc ndi zinjoka.

Ine ndikaika atatuwa patebulo, Gothic II ndiyo ndimapatsa munthu poyamba, ngakhale ndikudziwa kuti mwa anzanga ena adzaibweza atakwiya ndi mabatani. Arcanum ili ndi nzeru zambiri kuposa onse, koma ndi ya munthu amene amakonda kuwerenga ndipo sadandaula kupirira ndewu zoipa kuti amve nkhani ya mafakitale, tsankho ndi dziko lakale lomwe likumezedwa ndi makina. Tyranny ndi ya amene ali ndi laputopu yabwinoko ndi nthawi yochepa, wofuna kuona momwe zimakhalira kukhala wantchito wa boma loipa n'kumayesa kuweruza molungama.

Mukasankha Gothic II, yomwe mudzapeze pamsika ndi Gold Edition, yokhala ndi chiwonjezero cha Night of the Raven. Chiwonjezerochi chimabweretsa dera latsopano la Jharkendar, komanso chimalimbitsa adani ndi kukweza mtengo wa maphunziro pamene luso likukwera. Choncho musamwaze mapointi: sankhani lupanga, uta kapena matsenga, mukhale pomwepo. Piranha Bytes inatsekedwa mu 2024, koma osewera a ku Poland, komwe Gothic imakondedwa kwambiri, anatulutsa mu 2021 gemu yonse yatsopano yomangidwa pamwamba pake, The Chronicles of Myrtana: Archolos. Ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi Gold Edition, ili ndi mawu olembedwa a Chingerezi, koma fayilo yake ndi yaikulu kuposa gemu yoyambayo, ndiye imeneyo muikonzere Wi-Fi.