Repu, mpiru, chayinizi kapena bonongwe: pabedi la kuseri kwa nyumba tidzalepo chiyani?

Ngati malo anu ndi bedi limodzi kapena awiri, madzinso ndi a pampope olipira pamwezi, simungadzale zonse. Ndipo musanafunse kuti chokoma n'chiti, yambani mwayang'ana mwezi umene mukufuna kufesa.

Repu ndiye wokhalitsa. Mumafesa pa nazale, pakatha milungu inayi mbande n'kuziwokera motalikana masentimita 30 kapena kupitirira pang'ono. Akagwira, mumangothyola masamba a m'munsi n'kusiya nsonga, iye n'kumaphukabe miyezi itatu ngakhale kuposerapo, mpaka tsinde kutalika lili ndi zipsera zokhazokha. Mtundu wa English Giant uli ndi masamba aakulu moti ochepa chabe akwana ndiwo za banja. Amakondwa ndi kuzizira kwa Meyi mpaka Julayi, n'chifukwa chake ku Dedza ndi ku Ntcheu amachita bwino. Koma ndi wadyera, popanda manyowa okwanira masamba amachepa n'kuyamba kufiirira. Mbewu yakenso mudzagula ndithu chaka chilichonse, poti sachita maluwa msanga. Mdani wake ndi nsabwe. Kukangotentha mu Sepitembala, tembenuzani tsamba muone kunsi: tizilombo totuwa tili mbwee, tsamba litapindika ndiponso likumata m'manja. Madzi a sopo kapena a masamba a nimu amathandiza mukazipeza msanga. Mukachedwa, ingozulani.

Mpiru umafulumira kuposa repu, ndipo pa kakomedwe ine ndili mbali yake. Kakuwawa kake kaja kakakumana ndi nsinjiro, repu sangafikepo. Chokhumudwitsa n'chakuti sukhalitsa. Ukamva kutentha kapena mukaiwala kuthirira masiku angapo, umatulutsa maluwa achikasu, masamba n'kuchepa, kuwawa n'kuwonjeza. Komabe musazule wonse. Siyani mapando awiri kapena atatu akhwime, mbewu ya chaka chamawa mwaipeza osatulutsa ndalama.

Chayinizi ndi wofewa, sachedwa kupsa, ana amamukonda. Kungoti amamwa madzi kwambiri, amafota dzuwa likangoswa mtengo, mbozi nazo zimamuboola. Amene ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje adzale. Wa pampope aganize kawiri.

Bonongwe ambiri timamuona ngati udzu womera wokha pa dzala kapena pakhola lakale, koma mu Okutobala, repu atagonja, ndiye amapulumutsa mphika. Safuna nazale. Njere zake n'zazing'ono kwambiri, choncho zisakanizeni ndi mchenga kuti zisagwere malo amodzi, mwazani pabedi, kwirirani pang'ono chabe. Pakatha milungu itatu kapena inayi mwayamba kale kupatulira, zopatulirazo n'kukhala ndiwo. Wotsalayo muzimudula nsonga kuti achite nthambi. Kutentha kwa ku Chikwawa kapena ku Salima sakuopa, koma mukamufesa mu Juni chiperoni chili m'kati amangokhala duu osakula. Chenjezo limodzi: mukamusiya akhwimitse njere, adzamera paliponse mvula ikagwa, ngakhale pabedi la anyezi.

Wa bedi limodzi ndingamuuze kuti afese repu mu Epulo, mpiru mzere umodzi m'mphepete. Nsabwe zikachuluka azule zonse, athire manyowa owola bwino, amwaze bonongwe. Kusinthaku kumachepetsanso tizilombo, poti repu, mpiru ndi chayinizi ndi banja limodzi ndipo zimadyedwa ndi nsabwe ndi mbozi zofanana, pamene bonongwe ndi wa banja lina.