Amakanika a ku Chinamwali omwe anandiletsa kugula batire

Hiace yanga ndi ya 1997, ya dizilo, injini ya 3L. Ndinaigula itatopa kale ndi ntchito ya minibasi pamsewu wa Zomba ndi Liwonde, n'kuchotsa mipando yakumbuyo kuti ndizinyamulira mpunga ku Jali. M'mawa wina mu June, chiperoni chitaphimba phiri lonse, inakana kulira pakhomo panga ku Matawale. Ndikapotokola kiyi inkangoti ke-ke-ke, mwina sitata n'kuzungulira mwaulesi ngati munthu wa malungo, kenako zii.

Galimoto ikafa aliyense amasanduka sing'anga. Aneba anati batire yatha. Mlamu wanga anati ndi sitata. Wina wongodutsa anati ndi pampu ya dizilo, ndikonzekere kugulitsa mbuzi. Tinaikankha pamtsetse, inalira ndi utsi woyera tolotolo, tsiku lonse n'kuyenda bwinobwino. Kutacha, zomwezija. Pofika tsiku lachinayi anyamata a m'dera mwathu ankati akandiona n'kukhota njira.

Ndalama ya batire ndinali nditaisonkhanitsa kale pamene dalaivala wina pa depoti anandipatsa nambala ya bambo ena a ku Chinamwali. Galaja yawo ilibe chikwangwani. Ili kuseri kwa mashopu, pansi pa mtengo wa mango, ndipo nthaka yake inachita kuda bii ndi oyilo. Ndiyambe ndi chondinyansa: ndinaimba 7 koloko m'mawa, iwo anati "ndikubwera pompano, achimwene," n'kufika 11 koloko pa kabaza, kachikwama ka masipanala kali pamiyendo, kamnyamata kakutsatira panjinga ina. Kupepesa ayi.

Koma atafika sanathamangire kumasula kanthu. Anayamba ndi mafunso ngati kuchipatala. Ikakana imamveka bwanji? Magetsi a padashibodi amazilala mukamapotokola kiyi? Masana ikatentha imavutanso? Kenako anandiyang'ana m'maso: "Nanga dizilo munathira kuti komaliza?" Apa ndinakanda kumutu, chifukwa nthawi ija mafuta anasowa ndinagulapo kawiri wa m'zigubu.

Anatulutsa kamita koyezera magetsi kachikasu, komangidwa ndi tepi pakona. Batire ili chikhalire inaonetsa mavoti 12.5. Anandiuza ndilize, inatsika kufika 10.8, iwo n'kupukusa mutu. Akuti batire yakufa imagwa pansi pa 10 ikangomva katundu wa sitata, yangayi inali ndi moyo. Ndiye anachita chinthu chomwe sindinaonepo makanika wina akuchita: waya umodzi wa mita anauika pamutu wa negetivu wa batire, winawo pachitsulo cha injini, n'kuti ndilizenso. Mita inadutsa voti imodzi, pomwe malo amenewo sipayenera kufika ngakhale theka. "Moto ukutayikira panjira yobwerera," anatero. Kuti ndikhulupirire, anatenga nthambo yojampira imodzi yokha, kuchokera pa negetivu kupita pa injini. Sitata inazungulira ngati ya galimoto yaing'ono yatsopano.

Waya wa earth, womwe umabwezera moto ku negetivu ya batire, atautulutsa, kunja unkaoneka wabwinobwino. Anausenda ndi mpeni pafupi ndi pomangira: mkati munali mobiriwira, tinthambo tambiri titaduka, ufa woyera ukuyoyoka m'manja mwawo ngati phulusa. Ndikanagula batire yatsopano ikanandinamiza kwa sabata zingapo basi.

Ine ndinkaona ngati tathana nazo, koma injini inkangozungulira osagwira. Mlamu wanga uja anati tinyowetse kansanza ndi petulo tiike polowera mpweya. Bambowo anakana kwamtuwagalu, akuti pa injini yokhala ndi mahita zimenezo zimaphulikira nthawi yolakwika n'kuswa zam'kati. Anatukula mpando wakutsogolo, poti Hiace injini yake ili pansi pa mpando, n'kuyamba kundiphunzitsa uku akumasula. Dizilo sayatsidwa ndi mapulagi ngati petulo, amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa mu silinda. Kukazizira ngati kuno m'mwezi wa June, chitsulo chimameza kutenthako, n'chifukwa pali mahita anayi oti ayambe afunditsa. Anachotsa kachitsulo kolumikiza onse anayi n'kuyeza imodzi imodzi. Ziwiri zinaonetsa pafupifupi ohm imodzi, kusonyeza kuti zili ndi moyo, zina ziwiri mita sinasunthe n'komwe, zinali zakufa. Utsi woyera uja unali dizilo wosapsa.

Chachitatu ndiye chinandichititsa manyazi. Pamwamba pa fyuluta ya dizilo pali kapampu kodina ndi chala. Anandiuza ndidine ndekha. Kanali wofuwofu, ndinadina mpaka chala kuwawa kasanalimbe. Akuti mpweya ukulowa penapake, ndipo usiku dizilo amabwerera ku thanki. Kamnyamata kaja kanatsatira paipi ndi zala n'kupeza mng'alu pafupi ndi kilipi, waung'ono moti sunkadontha n'komwe. Ndiye anamasula kotsekera pansi pa fyuluta n'kukhetsera m'botolo la Fanta. Titaliimika pamwala, madzi anakhazikika pansi, okwana zala ziwiri, dizilo ali pamwamba. Sanandinyoze. Anangondipatsa botololo, "Sungani, achimwene, muzikaonetsa okugulitsani aja."

Waya anaupanga okha tsiku lomwelo, paipi ndi fyuluta tinagula m'tauni. Mahita ndiwo anavuta. Anandichenjeza kuti amafanana maonekedwe koma amasiyana mavoti olembedwa pambali pake, ukaika olakwika amapsa msanga kapena safunda mokwanira. Anandipatsa yakale imodzi ngati chitsanzo, ndipo nditazungulira mashopu a masipeya muno osapeza, tinatuma kondakitala wa minibasi ku Limbe. Panapita masiku awiri. Anaumirira kuti tisinthe onse anayi, ine ndinang'ung'udza koma ndinamvera. Zonse pamodzi ndi ntchito yawo sizinafike pa mtengo wa batire ija.

Musapiteko mukuyembekeza zaulemu wa kuofesi. Lisiti kulibe, mtengo amakuuzani pakamwa ntchito itatha, choncho funsani musanayambe. Masipeya mumakagula nokha. Foni yawo imazima nthawi iliyonse. Kamnyamata kanasiya zidindo za manja akuda pampando wanga, mpaka lero sizinachoke ngakhale ndi sopo wa ufa. Mvula ikagwa, pagalaja paja polowera ndi matope okhaokha. Komanso za pampu ya dizilo ndi ma injector, timipopi tofayira dizilo mu silinda, sagwira, ananena poyera kuti zimenezo n'zofunika makina oyezera ku Blantyre. Ine zimenezo ndinaziwerengera kumbali ya zabwino, poti ena akanaimasula pamchenga pomwepo.

Tsopano m'mawa ndimadikira kagetsi ka mahita kazime kaye ndisanalize, monga anandiuzira, ndipo ngakhale mu July monse inkagwira kamodzi n'kamodzi. Sabata yatha potsitsa matumba ndinapeza sipanala yawo ya 12 pansi pa mpando. Ndinawaimbira, anati akubwera pompano kudzatenga. Ikadali m'galimoto.