Space Shuttle ndi Crew Dragon: Zombo Zopita Mumlengalenga Kangapo

Space Shuttle ya NASA, bungwe la boma la America loona za maulendo a mumlengalenga, inayamba kuuluka pa 12 April 1981, ndipo inapuma mu July 2011 itayenda maulendo 135. Inali chimphona ndithu. Inkanyamula anthu asanu ndi awiri n'kudzatera pabwalo ngati ndege. M'mimba mwake ndi momwe munakwera Hubble, makina aakulu oonera nyenyezi, mu 1990, komanso zigawo zambiri za International Space Station, malo a mumlengalenga okhalamo akatswiri ochita kafukufuku.

Koma ikangotera, amisiri ankatha miyezi akuikonza, kuyendera timatailosi toteteza ku moto toposa 20,000, kamodzikamodzi. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti inalibe njira yopulumutsira anthu roketi ikavuta ponyamuka. Shuttle yotchedwa Challenger inaphulika ikunyamuka mu 1986, inzake Columbia inasweka ikubwerera mu 2003, anthu 14 n'kutaya miyoyo.

Crew Dragon ya kampani ya SpaceX, yomwe inanyamula akatswiri a NASA Bob Behnken ndi Doug Hurley pa 30 May 2020, ndi kachombo kakang'ono ka anthu anayi, kotera m'nyanja ndi maparachuti. Hubble sangakwanemo n'komwe. Komabe kali ndi mainjini akeake okachotsa msangamsanga pa roketi ya Falcon 9 zinthu zikasokonekera, ndipo ine pa chifukwa chimenechi ndimasankha kachomboka.