IMAP kapena POP3 pa Gmail: musankhe iti?

IMAP ndi POP3 ndi njira ziwiri zolandirira makalata a imelo. Mukamalumikiza Thunderbird, pulogalamu ya imelo ya pa kompyuta, ndi Gmail, sankhani IMAP. M'makonda a Thunderbird, lembani imap.gmail.com pa dzina la seva (kompyuta ya Google yosunga makalata), 993 pa nambala ya poti, ndipo sankhani SSL pa chitetezo. Makalata amakhalabe pa seva, ndiye kalata yomwe mwawerenga pa foni imaonekanso yowerengedwa pa kompyuta. Samalani pofufuta, chifukwa mukachotsa kuno yachokanso uko.

POP3 imafuna pop.gmail.com, poti 995, ndipo muiyatse kaye m'makonda a Gmail. Imakopera makalata pa kompyuta imodzi yokha. Imathandiza malo aulere a 15 GB akamadzaza, koma mukalola kuti seva izifufuta zomwe zakoperedwa, kompyuta ikafa makalata onse atayika.

Potumiza, njira zonse ziwiri zimadutsa pa smtp.gmail.com, poti 465. Pasiwedi yanu ikakanidwa, sankhani OAuth2 (njira yolowera kudzera pa tsamba la Google) m'makonda a Thunderbird, chifukwa Google salolanso kulowa ndi pasiwedi wamba.